Makina asayambe okha: mmene mungatetezere anthu pa chigayo cha mpunga, pa pampu ndi pa panelo ya PLC

Ntchito yanga ndi ya magetsi a m'mafakitale. Ndimakhala pa boma pa Nkhotakota, ndipo makina amene ndimawasamalira ali m'mbali mwa msewu wa M5, kuchokera ku Dwangwa kukafika ku Salima: zigayo za mpunga, mapampu a ulimi wothirira, malamba onyamula katundu, ndi mapanelo atsopanowa amene akubwera ali ndi PLC, kakompyuta kolamulira makina. Ndikulembera eni zigayo, akapitawo a m'mashifiti, ndi achinyamata amene angotuluka kumene ku sukulu za ntchito zamanja ngati ya ku Senga Bay, amene mawa lino auzidwa kuti panelo iyi ndi yanu, muziiyang'anira.

Ndikafika pa makina achilendo, funso langa loyamba silikhala la kukula kwa mota kapena dziko limene anachokera. Ndimafunsa kuti: makinawa angayambe kuzungulira m'njira zingati, munthu amene ali pafupi nawo asakudziwa? Chigayo chakale cha dizilo chinali ndi yankho limodzi, munthu wopukusa handulo, ndipo aliyense ankamuona. Makina a lero mayankho ake ndi ambiri. Amayamba magetsi a ESCOM akabwerera. Amayamba jenereta ikadzilizira yokha. Pampu imayamba madzi akatsika m'thanki, ya sola imayamba dzuwa likangotuluka kutsidya kwa nyanja. Lamba amayamba chifukwa sensa yaona thumba, kapena opareta wadina pa sikirini ali m'chipinda china, kapena injiniya wa kampani imene inagulitsa makinawo walowa pa intaneti ali ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku India. Walira mvula walira matope. Tinafuna makina odziyendetsa okha, ndiye tilandirenso ntchito yowaletsa.

Choncho yambani ndi pepala ndi cholembera. Imani pa makina amodzi, muli ndi opareta wake, mulembe njira zonse zimene angayambire. Opareta musamusiye, chifukwa iyeyo amadziwa zimene mapepala a panelo sanena. Pepalalo mulimate mkati mwa chitseko cha panelo. Zonse zimene ndifotokoze m'munsimu ndi zotseka njira zimenezo imodziimodzi.

Magetsi akabwerera

Kuno kwathu njira yoopsa kuposa zonse ndi iyi. Amene anagwira ntchito m'chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, akukumbukira kuti magetsi ankazima kangapo pa tsiku. Ndiye ganizirani zimene zimachitika pa chigayo cha mpunga magetsi akazima ntchito ili mkati. Mpunga umatsakamira m'makina opuntha, elevator ya zikapu imaima itadzaza, ndipo m'chigayo mumangoti zii. Bata limenelo ndi limene limanyenga anthu. Mnyamata amatsegula kachitseko kapansi, n'kulowetsa dzanja kuti akokolole mpunga, makasitomala asadikire magetsi akabwera. Iye akuchita zabwino, akuthandiza abwana ake. Koma ESCOM siimba belu ikamabweza magetsi.

Sitata yolumikizidwa bwino siyambanso yokha. Mukadina batani lobiriwira, kontakita, switchi yokokedwa ndi koyilo ya magetsi imene imapereka magetsi ku mota, imagwira, ndipo imadzigwiririra kudzera pa kontakiti yake yaing'ono ya m'mbali. Magetsi akazima, koyilo imataya mphamvu, kontakita imatseguka, ndipo ngakhale magetsi abwere imadikira kuti munthu adinenso. Izi zili chimodzimodzi pa sitata ya DOL ndi ya star-delta. Vuto limabwera anthu akaisintha. Ena amachotsa mabatani awiri aja n'kuika switchi yopotokola, imene imakhalabe pa ON. Ena amalizira mota pa breka penipeni. Pa chigayo china, chimene sinditchula, ndinatsegula sitata n'kupeza kontakita itapanidwa ndi kamtengo ka nsungwi kosema bwinobwino, chifukwa koyilo inapsa ndipo yatsopano inali kutali. Kontakita yoteroyo singatseguke, kaya mwadina batani lofiira, kaya overload, yoteteza mota ikalemedwa, yagwa. Mota ikapsa ndi ndalama chabe, koma pamenepo panali manja a anthu.

Yesani chonchi. Tulutsani anthu onse pafupi ndi makina, ayende opanda katundu, kenako gwetsani breka yaikulu, dikirani pang'ono, n'kuikwezanso. Chilichonse chimene chayamba kuzungulira popanda munthu kudina batani, chilembeni. Chitaninso chimodzimodzi posintha kuchoka ku ESCOM kupita ku jenereta. Ngati mota ikuyendetsedwa ndi VFD, kabokosi kosinthira liwiro la mota, lowani m'maparamita ake mupeze la auto restart, ndi lina lolola kuti iyambe ikangolandira magetsi, muwazimitse onse.

Alipo makina amene ayenera kumayamba okha, monga pampu yodzaza thanki usiku. Amenewo musalimbane nawo, koma atchingeni paliponse pamene pakuzungulira, ikani chikwangwani cha m'Chichewa cha zilembo zikuluzikulu chonena kuti MAKINA AWA AMAYAMBA OKHA, ndipo ngati ndi lamba wautali, pakhale sayirini yolira kaye masekondi angapo asanasunthe.

Batani lofiira

Batani loimitsira mwadzidzidzi, limene ambiri timangoti E-stop, lili ndi maonekedwe amodzi padziko lonse malinga ndi muyezo wa ISO 13850: mutu wofiira waukulu, kumbuyo kwake kwachikasu. Ukalimenya limatsalira mkati mpaka munthu alipotokole kapena kulikoka. Kukhala nalo sikokwanira. Nkhani yagona pa mmene lalumikizidwira.

Choyamba, kontakiti yake ikhale ya NC, yotseka nthawi zonse, kuti magetsi azidutsamo makina akamayenda ndipo kudina kuziwadula. Chifukwa chake n'chakuti waya akaduka, kaya wadyedwa ndi khoswe kaya wapekesedwa ndi kunjenjemera kwa makina, makina amaima ndipo mumadziwa kuti pali vuto. Mukaika kontakiti ya NO, yotseguka nthawi zonse mpaka mutadina, waya akhoza kuduka mu Meyi inu osadziwa, n'kudzazindikira mu Okutobala tsiku limene munthu wakodwa ndipo batani silikuyankha.

Chachiwiri, ndipo apa ndimalimbikira kwambiri: batani lofiira lisamangopita ku PLC wamba ngati uthenga wopempha kuti iimitse makina. PLC ikhoza kusokonezeka, output yake ikhoza kumatirira, pulogalamu yake munthu akhoza kuisintha. Batanilo lidule magetsi a makoyilo a makontakita kudzera m'mawaya enieni. Njira yabwino ndi ya safety relay, kachipangizo kapadera koyang'anira mawaya a chitetezo, monga za Pilz, Sick kapena Schneider Electric. Batani limakhala ndi makontakiti awiri, iliyonse ndi waya wakewake, ndipo relay imayang'ana ngati onse awiri atseguka limodzi. Imodzi ikamatirira, relay imaimitsabe makina ndipo imakana kuyambanso mpaka mutakonza. Pa makina oopsa kwambiri timaika makontakita awiri motsatizana, ndipo makontakiti awo aang'ono amabwerera ku relay kuti idziwe ngati imodzi yawotcherana. PLC ingouzidwa kuti batani ladinidwa, kuti ilembe pa sikirini. Pa VFD zamakono pali materminal olembedwa STO, amene amaletsa mota kupatsidwa mphamvu yozungulira posadalira pulogalamu. Nthawi zambiri amabwera atalumikizidwa ndi kajampa, kawaya kakafupi koikidwa kufakitale. Chotsani kajampako, mulumikize ku safety relay.

Chachitatu, kumasula batani kusayambitse makina. Munthu amasule batani, apite akadine reset ali pamalo pamene akuona makina onse, kenako adine lobiriwira.

Pa lamba wautali, monga wonyamula nzimbe kapena matumba, batani limodzi silithandiza munthu amene wakodwa pakati. Pamafunika chingwe chokoka choyenda m'mbali monse mwa lambayo, cha mtundu umene umaimitsa makina chingwe chikakokedwa komanso chikaduka. Ndipo yendani muone ngati mabataniwo akufikirika. Nyengo yokolola, Kilombero ndi Faya zikadzaza m'chigayo, matumba amasanjidwa paliponse pamene pali mpata, ndipo mpata woyamba kutha umakhala wa patsogolo pa batani lofiira. Jambulani mzere wachikasu pansi, muuze onyamula katundu kuti thumba lisadutse pamenepo.

Kamodzi pa mwezi, dinani batani lililonse makina akuyenda opanda katundu, mulembe m'buku tsiku ndi dzina la woyesa.

Zotchingira

Lamulo la dziko lino la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limanena kuti mbali zoopsa za makina zizitchingidwa. Mapule, malamba, matcheni, makapulingi, zonsezi zikhale m'kati mwa chotchingira chomangidwa ndi mabawuti. Wowotcherera wa pamsika akhoza kukupangirani cha waya wa sefa tsiku limodzi, bola maenje ake akhale aang'ono moti chala sichingafike pozungulirapo. Amayi ogwira ntchito pafupi ndi shafiti, chitenje ndi duku zimangidwe bwino, ndipo abambo malaya asalendewere.

Chitseko chimene chimatsegulidwa kawirikawiri chikhale ndi switchi ya interlock, yoimitsa makina chitseko chikatsegulidwa, yopita ku safety relay yomwe ija. Koma kumbukirani kuti chigayo cha nyundo chimazungulirabe kwa kanthawi ndithu magetsi atadulidwa. Pamenepo pamafunika interlock yokhoma, imene siilola chitseko kutseguka mpaka makina ataimiratu.

Mukapeza interlock italumphitsidwa ndi jampa, kapena kalilime kake katamasulidwa pa chitseko n'kumatidwa ndi tepi mkati mwa switchi, musangokalipa n'kuchotsa. Funsani chifukwa chake. Kawirikawiri mupeza kuti makinawo amatsakamira pafupipafupi, ndipo opareta amene akuwerengeredwa matumba pa tsiku watopa n'kuimitsa. Mukapanda kukonza chotsakamiritsacho, jampa ibwerera inu mutangokwera basi.

Makina ena olongedza ali ndi light curtain, mizati iwiri yotumizirana kuwala kosaoneka, dzanja likadutsa pakati makina amaima. Mizatiyi siikidwa mongoyerekeza. Muyezo wa ISO 13855 umatenga kuti dzanja limayenda mamilimita 2000 pa sekondi. Ngati makina, kuphatikiza relay ndi kuwalako, amatenga masekondi 0.1 kuti aimiretu, ndipo curtain yake ndi yozindikira chala cha mamilimita 14, ndiye ikhale mamilimita 200 kuchokera pamalo oopsa. Mabuleki akatha, nthawi ija n'kufika masekondi 0.2, mtunda wofunika umakhala mamilimita 400, pamene mizati ija ikadali pomwe inali. N'chifukwa chake nthawi yoimira iyenera kuyezedwanso chaka ndi chaka. Fumbi la deya likamata pa magalasi ake, pukutani ndi kansalu kofewa. Musaisunthe.

Loko wanu, kiyi m'thumba mwanu

Batani lofiira si lolowera nalo m'makina. Interlock nayonso ayi. Munthu akafuna kulowetsa dzanja, mutu kapena thupi lonse, magetsi adulidwe pa isolator, switchi yodulira magetsi onse a makinawo, ndipo pakhomedwe loko.

Uzani opareta kuti mukuimitsa. Imitsani makina mwa nthawi zonse. Gwetsani isolator, kolekani loko wanu, ndi kakhadi kolembedwa dzina lanu ndi nambala ya foni. Mukakhala anthu atatu, maloko akhalenso atatu, pa kachitsulo kamaenje ambiri kokolekapo maloko angapo, ndipo aliyense kiyi wake asunge yekha. Maloko otchipa a pamsika muziwayesa kaye, chifukwa ena amatsegulana ndi kiyi mmodzi. Ngati pali jenereta kapena UPS, chipangizo cha mabatire chopereka magetsi a ESCOM akazima, onetsetsani kuti isolator imene mwakhomayo ili pamalo pamene ikudula zonse.

Mukatero, ganizirani mphamvu imene yatsalira mkati. VFD yolandira mavoti 400 imasunga mavoti opitirira 500 m'makapasita ake, ndipo sikirini yake ikazima sindiye kuti atha. Dikirani mphindi zimene zalembedwa pa chivundikiro chake, kenako muyeze. Mpweya wa kompuresa utulutsidwe mpaka geji ifike pa 0. Ma hydraulic atsitsidwe kapena achirikizidwe ndi chitsulo. Elevator yodzaza mbali imodzi ikhoza kubwerera yokha chifukwa cha kulemera, ndiye ipanidwe. Pa boyila, mavavu a nthunzi nawonso amakhomedwa ndi tcheni ndi loko. Za sola ndiye samalani kawiri. Mapanelo a dzuwa sazimitsika, ali moyo bola kunja kwayera. Pa minda ikuluikulu ya sola, ngati wa mamegawati 60 wa ku Nanjoka ku Salima umene unayamba ntchito mu 2021, amisiri amaphunzitsidwa zimenezi, koma pa kapampu ka sola ka kumunda, mavoti a DC mazanamazana amakhala m'kabokosi kamene aliyense amatsegula. Musasolole pulagi ya DC pampu ikuyenda. Imitsani kaye, gwetsani isolator ya DC, kenako muyeze.

Poyeza, tesita yakuthumba ya kababu kamodzi ija musaidalire. Gwiritsani mita yeniyeni. Iyeseni kaye pamalo pamene mukudziwa kuti pali magetsi, muyeze mafezi onse atatu, wina ndi mnzake komanso lililonse ndi earth, kenako mubwererenso pamalo a magetsi paja kutsimikiza kuti mita sinafe panjira. Pomaliza dinani batani lobiriwira, ndipo muuze wa m'chipinda cholamulira ayesenso kuliza kuchokera pa sikirini. Makina akakana, lowani.

Shifiti ikatha ntchito isanathe, wobwerayo akoleke loko wake wopitayo asanachotse wake. Ndipo abwana, ndikupemphani mwaulemu: loko wa munthu musamudule chifukwa lole ikudikira panja. Muimbireni mwini wake, mumuone ndi maso kuti watuluka.

Khomo la pa intaneti

Anzanga ena amati za akuba a pakompyuta ndi za ku Ulaya, ndani angalimbane ndi pampu ya ku Bua kapena ku Lifuwu. Tiyeni tione zimene zinachitikadi. Mu 2010 kunatulukira Stuxnet, pulogalamu yoipa imene inkafalikira pa maflashi, n'kukalowa m'ma PLC a Siemens ku Natanz m'dziko la Iran. Inkasintha liwiro la makina uku ikuonetsa maopareta kuti zonse zili bwino. Mu Disembala 2015 ku Ukraine, anthu analowa patali m'makompyuta a makampani ogawa magetsi n'kugwetsa mabreka, makasitomala oposa 200,000 anakhala mumdima. Mu 2017 pa fakitale ina ya mafuta ku Saudi Arabia, pulogalamu yotchedwa Triton inalunjika pa makontrola a Triconex, amene ntchito yawo ndi yoimitsa fakitale pakagwa ngozi. Zimenezo zinali za akatswiri a ndalama zambiri. Koma imene ikutikhudza ife ndi ya mu Novembala 2023 ku Aliquippa, katauni kakang'ono ka ku Pennsylvania, m'dziko la America. Anthu analowa mu PLC ya Unitronics ya pa siteshoni yopopa madzi, ogwira ntchito n'kuyamba kuyendetsa pampu pamanja. Akuluakulu a boma la America atachenjeza za nkhaniyi, ananena kuti ma PLC a mtunduwu anali poyera pa intaneti, ambiri akadali ndi pasiwedi ya kufakitale, 1111. Olowawo safunika kudziwa kumene Nkhotakota ili. Pali mawebusaiti ngati Shodan amene amasanthula intaneti yonse usana ndi usiku, n'kumandandalika chipangizo chilichonse chimene chayankha.

Muyenera kudziwanso kuti zipangizo zambiri za m'panelo zimalankhulana pa Modbus, njira imene kampani ya Modicon inatulutsa mu 1979, intaneti isanafike m'mafakitale. Modbus ilibe pasiwedi. Ili ngati mlonda amene amatsegulira aliyense wogogoda, osafunsa dzina. Aliyense amene wafika pa netiweki imene pali PLC kapena VFD yanu akhoza kuiuza kuti liza mota, ndipo iliza. N'chifukwa chake ndinalimbikira kuti batani lofiira ndi loko zisadalire pulogalamu. Ndipo n'chifukwa chake ntchito yaikulu ndi yoletsa anthu kufika pa netiwekiyo.

Tsegulani panelo, mutsatire waya aliyense wa netiweki kumene akupita. Fufuzani kabokosi kokhala ndi tinyanga ndi simu khadi ya Airtel kapena TNM. Makampani ogulitsa makina amakonda kusiyamo rauta yotere kuti azikuthandizani ali kwawo, ndipo eni ake ambiri sadziwa n'komwe kuti ilimo. Thandizo lakelo ndi labwino, limapulumutsa ndalama za ulendo wa injiniya. Koma khomolo likhale m'manja mwanu. Ine ndimaika switchi ya kiyi pa waya wa magetsi a rautayo. Injiniya akafuna kulowa amaimba foni, kapitawo amaona kuti palibe munthu m'makina, amayatsa rauta, amakhala pa sikirini n'kumaona zimene zikuchitika, ntchito ikatha amazimitsa n'kulemba m'buku. Kulowako kudutse pa VPN, njira yotetezedwa yolowera pa intaneti, osati potsegula poti 502 kapena ina iliyonse pa rauta kuti PLC ionekere kunja. Pulogalamu yolowera m'kompyuta uli kutali, monga TeamViewer kapena AnyDesk, yosiyidwa yoyaka chaka chonse pa kompyuta ya SCADA yoyang'anira makina, ichotseni kapena muziiyatsa pokhapokha pofunika.

Mapasiwedi onse a kufakitale asinthidwe: a rauta, a sikirini ya opareta (HMI), a PLC, a inverter ya sola, a makamera. Pa panelo ina ndinapeza pasiwedi ya injiniya italembedwa ndi maka pa tepi yoyera, pamwamba penipeni pa sikirini, moti aliyense wodutsa akanatha kulowa n'kusintha liwiro la mota. Opareta akhale ndi pasiwedi yongoyendetsera, wamagetsi akhale ndi yosinthira maparamita. Musamaitumize pa gulu la WhatsApp la kuntchito, chifukwa m'magulu amenewa mumatsalira anthu amene anasiya ntchito kalekale. Munthu akachoka, kaya mwamtendere kaya mokangana, mapasiwedi amene ankawadziwa asinthidwe tsiku lomwelo.

Netiweki ya makina isasakanikirane ndi ya mu ofesi. Kompyuta ya akaunti, imene imalandira maimelo ndi kutsegula zilizonse, isakhale pa switchi imodzi ndi PLC, ndipo Wi-Fi ya alendo isayandikire n'komwe. Muyezo wa IEC 62443 umafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane, kuti fakitale igawidwe m'zigawo ndipo njira yochokera m'chigawo china kupita m'chinzake ikhale imodzi, yodziwika, yokhala ndi firewall, chipata chosefa zimene zikudutsa. Pa fakitale yaing'ono, kungosolola waya umodzi wolumikiza ofesi ndi panelo kumatheka lero lomwe. Abwana akafuna kuona matani a tsikulo pa foni, pali njira zotumizira manambala kunja popanda kulola malamulo kulowa mkati. Muuzeni wokuikirani makina kuti mukufuna zoterozo.

Tsopano za mabowo a USB. Magetsi akazima m'tauni, panelo imene ili pa UPS kapena pa jenereta imasanduka potchajira mafoni a shifiti yonse. Sindiwada anthuwo, foni ndi yofunika. Koma foni kapena flashi imene yadutsa m'malo okopera nyimbo ndi mafilimu siyenera kukhudza kompyuta yolamulira makina. Tsekani mabowowo, ndipo muwaikire anthu soketi yotchajira pakhoma patali ndi panelo. Mukangoletsa osawapatsa pena, adzatchajabe usiku. Flashi ya ntchito ikhale imodzi, yosungidwa mu ofesi, yoyesedwa ndi antivirus isanalowe. Laputopu ya kontrakitala nayonso iyesedwe, chifukwa yadutsa m'mafakitale ambiri. Makompyuta ambiri a SCADA akuyendabe pa Windows 7, imene Microsoft inasiya kuikonza mu Januwale 2020. Ngati simungathe kuisintha chifukwa pulogalamu ya makina siyenda pa yatsopano, isaone intaneti ngakhale pang'ono.

Ma PLC ena, monga a Allen-Bradley, ali ndi kiyi kapena kaswitchi ka RUN, REM ndi PROG. Ikakhala pa RUN, pulogalamu singasinthidwe kudzera pa netiweki. Isiyeni pamenepo, kiyi muchotse.

Sungani kope la pulogalamu ya PLC, la sikirini ndi la maparamita a VFD iliyonse. Makope akhale awiri, limodzi pa fakitale, lina kwina, osalumikizidwa ku kompyuta iliyonse, olembedwa tsiku. Maparamita a VFD alembeninso papepala. Kope limeneli lidzakuthandizani pa kubedwa, komanso pa zinthu wamba monga mphezi kapena kabatire ka PLC yakale kakatha. Nthawi imene fakitale yaima kuti ikonzedwe, yesani kulibwezeretsa muone ngati likugwiradi.

Mukaona zachilendo, monga kamuvi ka pa sikirini kakuyenda kokha, manambala asintha popanda wowasintha, kapena pasiwedi ikukana, imitsani makina bwinobwino, zimitsani rauta, pitirizani pamanja ngati n'kotheka. Kompyutayo musaifufute msanga, chifukwa umboni uli momwemo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'kompyuta ya eni popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo linakhazikitsa Malawi CERT pansi pa MACRA, kumene nkhani zotere zimakanenedwa.

Nyengo ya kunyanja

Zipangizo zonsezi zimakhala m'dera la kutentha, chinyezi ndi mphezi. Mvula isanayambe, yezani earth, onani ngati ma surge arrester, oteteza panelo ku mphezi, akadali obiriwira pa kawindo kawo, ndipo dinani batani loyesera pa earth leakage ya mamiliampu 30 ya masoketi. Tsekani maenje onse olowera mawaya, chifukwa abuluzi, nyerere ndi mavu omanga ndi dothi amakonda kufunda kwa m'panelo. Mu Okutobala musasiye chitseko cha panelo chotsegula kuti izizizira. Tsukani mafyuluta, konzani fani.

Musanasaine pogula makina atsopano

Zambiri mwa izi n'zotchipa makina asanafike, n'zodula atamangidwa kale. Lembani m'mgwirizano kuti wogulitsa akupatseni mapepala a mawaya ogwirizana ndi panelo yeniyeniyo, m'chinenero chimene amisiri anu angawerenge. Akupatseni kope la pulogalamu ndi mapasiwedi onse, chifukwa ena amakhoma PLC kuti muzingowaitana iwo okha. Alembe chipangizo chilichonse chimene chingalumikizane ndi kunja. Isolator iliyonse ikhale yolowa loko. Wolumikiza magetsi akhale ndi chiphaso cha MERA. Tsiku lolandira makina, musakhutire ndi kuona mpunga woyera ukutuluka. Dinani batani lofiira lililonse, tsegulani chitseko chilichonse chokhala ndi interlock, masulani waya umodzi wa E-stop muone ngati relay ikana kuyamba, gwetsani breka yaikulu n'kuikwezanso, injiniya wawo ali pomwepo akuona. Chimene chalephera akonze asanakwere galimoto, ndipo gawo lomaliza la malipiro lidikire mpaka zonse zitadutsa.